Kutenga Mawu m'Nkhokwe ya Pakompyuta ndi Kuwaonetsa pa Intaneti: Phunziro Lochokera ku Machipisa

1.0 Mawu oyamba

Ntchito yogwirizanitsa kalembedwe ka Chichewa, chomwe ku Zambia ndi ku Mozambique chimatchedwa Chinyanja, yakhala ikulunjika kwambiri pa buku losindikizidwa. Masiku ano mindandanda ya mawu ovomerezeka, matanthauzo ake, mitu ya mabuku a sukulu ndi mayina a ophunzira zimasungidwa m'makompyuta, ndipo mphunzitsi amazipeza potsegula tsamba la pa intaneti pa foni yake. Pakati pa mawu osungidwa ndi maso a wowerenga pali pulogalamu imene imafunsa, kulandira yankho ndi kuliyala pa tsamba. Gawo lino likufotokoza momwe pulogalamuyo imagwirira ntchito, malo amene kusiyana kwa kalembedwe kumaisokoneza, ndi zimene maunduna a zamaphunziro ndi makampani osindikiza mabuku ayenera kugamula asanapereke ntchito kwa akatswiri a makompyuta.

Mfundo yaikulu ndi yakuti kompyuta imafananitsa malembo okhaokha, limodzilimodzi. Siingadziwe kuti ntchito ndi nchito ndi mawu amodzi pokhapokha munthu ataiuza. Ngati akatswiri a chiyankhulo saiuza, wolemba pulogalamu amadzigamulira yekha, ndipo chigamulo chake chimasanduka lamulo la kalembedwe limene palibe unduna udalivomereza.

2.0 Chifukwa chosankhira Machipisa

Machipisa ndi malo a zamalonda a ku Highfield, dera la mumzinda wa Harare lomwe lidakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1930 kuti muzikhala anthu akuda ogwira ntchito mu Salisbury. Pafupi pomwepo pali bwalo la zamasewero la Gwanzura ndi bwalo la Zimbabwe Grounds. Monga momwe zilili ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, ku Highfield kuli mabanja ambiri omwe makolo awo adachokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Ena adabwera kudzera mwa Mthandizi kapena pa magalimoto a Ulere, ena adayenda okha, ndipo ulendowu udapitirira m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963. Ambiri sadabwerere kwawo, n'chifukwa chake kumudzi ankatchedwa machona. Chiyankhulo chawo chidasungika m'mabanja, m'mapemphero a mipingo monga Sinodi ya Harare ya CCAP, ndi m'gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure.

Mu 2013 malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe, m'gawo 6, adatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Gawo lomweli limalamula boma kuti lilimbikitse kugwiritsa ntchito ziyankhulo zonsezi ndi kuzitukula. Motero mwana wa ku Highfield amene agogo ake amayankhula Chichewa ali ndi ufulu woyembekezera mabuku ndi mtanthauziramawu m'chiyankhulocho.

Wowerenga wa ku Machipisa ndi muyeso wabwino wa nkhokwe iliyonse ya mawu chifukwa mitundu inayi ya kalembedwe imakumana mwa iye. Baibulo la agogo likhoza kukhala la kalembedwe kakale. Buku lochokera ku Blantyre limatsata malamulo a ku Malawi. Uthenga wa pafoni wochokera kwa m'bale wa ku Chipata kapena ku Angónia umabwera m'kalembedwe ka kumeneko. Iye mwini adaphunzira kulemba m'Chishona ndi m'Chingerezi, ndipo dzanja lake limatsata zimene lidazolowera. Tsamba la pa intaneti limene lingamuyankhe bwino munthu ameneyu lingayankhenso wowerenga wa ku Dedza, Katete ndi Ulongwe.

3.0 Kumene kusiyanaku kudachokera

Ku Malawi bungwe la Chichewa Board lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Ntchito yake idapita m'manja mwa Centre for Language Studies ya University of Malawi mu 1996. Ku Zambia Unduna wa Zamaphunziro udavomereza kalembedwe ka ziyankhulo zisanu ndi ziwiri za m'sukulu, kuphatikizapo Chinyanja, mu 1977. Ku Mozambique bungwe la NELIMO la pa Universidade Eduardo Mondlane lidachititsa msonkhano woyamba wokhazikitsa kalembedwe mu 1988, ndipo misonkhano ina idatsatira mu 1999 ndi 2008. Bungwe la CASAS la ku Cape Town, lomwe adayambitsa Kwesi Kwaa Prah, lidasindikiza mu 2001 kalembedwe kogwirizanitsa ziyankhulo za ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Komabe mabuku a m'sukulu za dziko lililonse amalembedwa motsata zimene unduna wa dzikolo udavomereza.

Kusiyana kumene kumakhudza kwambiri makompyuta n'kotere. Kumene Malawi imalemba ch, Zambia ndi Mozambique zimalemba c: chaka ndi caka, chinthu ndi cinthu. Liwu lotuluka ndi mpweya wambiri, lomwe ku Malawi limalembedwa tch, m'kalembedwe ka ku Zambia ndi ch: tchire ndi chire, ntchito ndi nchito. Ku Malawi r amalembedwa pambuyo pa i ndi e, pamene olemba ambiri a ku Zambia amalemba l ponseponse: bwerani ndi bwelani. Mabuku akale ali ndi bv ndi pf pamene amakono a ku Malawi ali ndi v ndi f: bvuto ndi vuto. Ena amalemba mau, ena mawu. Lembo la ŵ limapezeka m'mabuku ena, monga Buku Loyera la 1998, koma nyuzipepala zambiri sizililemba.

Chishona chili ndi mbiri yakeyake. Kalembedwe kake kadayamba ndi lipoti la Clement Doke la 1931 ndipo kadakonzedwanso mu 1955 ndi 1967. M'kalembedweka liwu lomwe Chichewa chimalemba ng' limalembedwa n', monga m'mawu akuti n'anga. Mulibe lembo la l, mulibenso ph, th ndi kh, ndipo aperekezi amalumikizidwa ku dzina, monga kuHarare. Munthu wozolowera Chishona akhoza kulemba pan'ono m'malo mwa pang'ono, kapena kuyankura m'malo mwa kuyankhula, ngakhale akutchula mawuwo molondola.

4.0 Ulendo wa mawu kuchoka m'nkhokwe kufika pa tsamba

Nkhokwe ya pakompyuta, imene akatswiri amaitcha database, imasunga zinthu m'matebulo. Tebulo lili ndi mizere yopingasa ndi madanga otsika. Mzere uliwonse umasunga chinthu chimodzi, mwachitsanzo mawu amodzi a m'mtanthauziramawu, ndipo madanga amasunga mbali zake: mawuwo, mtundu wake, gulu la dzina, tanthauzo ndi chitsanzo. Njira imeneyi adailongosola Edgar F. Codd wa kampani ya IBM mu 1970, ndipo SQL, chiyankhulo chofunsira nkhokwe zotere, idakhala muyeso wovomerezeka mu 1986.

Wowerenga akafuna tanthauzo la mawu, pamachitika zinthu zisanu motsatizana. Choyamba, amalemba mawuwo m'kabokosi ka pa tsamba, ndipo foni imawatumiza ku kompyuta yaikulu yotchedwa seva. Chachiwiri, pulogalamu ya pa seva, yolembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta monga PHP kapena Python, imalumikizana ndi nkhokwe monga MySQL kapena PostgreSQL. Chachitatu, pulogalamuyo imatumiza funso, lomwe lingaoneke motere:

SELECT mawu, tanthauzo FROM mtanthauziramawu WHERE mawu = 'ntchito' ORDER BY mawu

Funsoli likunena kuti: tenga madanga a mawu ndi tanthauzo m'tebulo la mtanthauziramawu, m'mizere yokhayo imene mawu ake ndi ntchito, ndipo uindandalike motsata alifabeti. Chachinayi, nkhokwe imabweza mizere imene yapeza, ndipo pulogalamu imaitenga umodziumodzi mpaka yonse itatha. Chachisanu, pulogalamu imakulunga mzere uliwonse m'zizindikiro za HTML, zimene zimauza foni poika mutu, ndime ndi mndandanda, kenaka imatumiza tsambalo kwa wowerenga.

Kalembedwe kamalowerera m'malo atatu a ulendowu: pofananitsa mawu ofunsidwa ndi osungidwa, ponyamula malembo kuchoka m'nkhokwe kufika pa tsamba, ndi pondandalika zotsatira.

5.0 Mavuto a pofananitsa

5.1 Malembo c, ch ndi tch

Ngati nkhokwe idasunga ntchito ndipo wowerenga walemba nchito, funso la pamwambali silibweza mzere uliwonse. Tsamba limanena kuti mawuwo palibe, ndipo wophunzira amaganiza kuti mawu amene amawamva tsiku ndi tsiku si Chichewa chovomerezeka. Choopsa kuposa apa ndi pamene nkhokwe ibweza yankho lolakwika. Ku Malawi kucha ndi kutuluka kwa dzuwa kapena kupsa kwa chipatso, ndipo kutcha ndi kupereka dzina kapena kukonza msampha. M'kalembedwe ka ku Zambia mawu oyambawo ndi kuca, ndipo achiwiriwo ndi kucha. Choncho malembo asanu akuti kucha akuimira mneni wina ku Lilongwe ndi mneni wina ku Lusaka. Tsamba limene silisonyeza dziko la kalembedwe lidzapatsa wowerenga wa dziko limodzi tanthauzo la mawu amene sadafunse.

Anthu ena amaganiza kuti vutoli lingathe pouza kompyuta kuti isinthe malembo yokha. Njirayi imathandiza, koma imafuna dongosolo. Posintha kalembedwe ka ku Malawi kukhala ka ku Zambia, wina akayamba ndi kusintha tch kukhala ch, kenaka ch kukhala c, tchire amasanduka chire kenaka cire, zomwe n'zolakwika. Dongosolo loyenera n'kuyamba ndi ch kukhala c, zimene zimapereka tcire, kenaka tc kukhala ch. Pobwerera kuchoka ku Zambia, ch ayenera kusanduka tch poyamba, ndipo c wotsala asanduke ch pambuyo pake. Ngakhale pamenepo mayina monga Chipata ndi Chadiza ayenera kupatulidwa, apo ayi adzaoneka ngati Tchipata ndi Tchadiza.

5.2 Malembo l ndi r

Kusintha r aliyense kukhala l n'kosavuta. Kubwerera ndiye kovuta, chifukwa m'kalembedwe ka ku Malawi l amakhalabe l pambuyo pa i pamene tsinde la mawu likuyamba ndi l, monga ndili, tilibe, chilala ndi sindilola. Kompyuta siidziwa pamene tsinde likuyambira. Apa mpofunika kuti munthu wodziwa chiyankhulo alembe maonekedwe onse awiri m'nkhokwe.

5.3 Nkhodolero

Nkhodolero imagwira ntchito yaikulu m'Chichewa. Ili mbali ya liwu la ng', imasonyeza m' wa malo monga m'nyumba ndi m'mudzi, ndipo imafupikitsa ndi m'mawu monga n'zoona. Koma mu SQL nkhodolero ndi chizindikiro chotsegulira ndi kutsekera mawu ofunsidwa. Pulogalamu ikangomata zimene wowerenga walemba m'kati mwa funso, mawu akuti ng'ombe amapereka izi:

WHERE mawu = 'ng'ombe'

Nkhokwe imawerenga ng ngati mawu athunthu, imalephera kumvetsa zotsalazo, ndipo tsamba limaonetsa uthenga wa cholakwika. Mpata womwewu ndi umene akuba a pa intaneti amalowerapo pa chinyengo chotchedwa SQL injection, pomwe amalemba malamulo awoawo m'kabokosi kofufuzira ndi cholinga chokopera kapena kufufuta tebulo. Tsamba limene limakanika pa ng'ombe ndiye kuti lilinso losatetezeka.

Olemba mapulogalamu ena amathana ndi vutoli pochotsa nkhodolero zonse. Kutero n'kuwononga chiyankhulo. M'bale amafanana ndi mbale yodyeramo, ndipo ng'oma yoimba imafanana ndi ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Kwa wowerenga wa ku Machipisa chisokonezochi chimakula, popeza m'Chishona ngoma ndi ng'oma yoimbayo. Nkhokwe zina zakale zili ndi chipsera china: PHP inkaika kamzere kopendekera kutsogolo kwa nkhodolero, mwa njira yotchedwa magic quotes imene idachotsedwa mu 2012, ndipo mawu ena adasungidwa ngati ng\'ombe. Mankhwala enieni ndi funso lokonzeratu, lomwe akatswiri amalitcha prepared statement. Pa njirayi funso limatumizidwa lili ndi malo osiyidwa, WHERE mawu = ?, ndipo mawu ofunsidwa amatumizidwa padera, kotero kuti nkhodolero siingasokonezeke ndi lamulo.

Palinso china chosaoneka ndi maso. Pakompyuta nkhodolero zilipo zingapo. Yowongoka ya pa kiyibodi nambala yake ndi U+0027. Yopindika, imene mapulogalamu olembera monga Microsoft Word amaika okha, ndi U+2019. Palinso U+02BC, imene imawerengedwa ngati lembo. Mndandanda wochokera kwa wosindikiza mabuku nthawi zambiri umakhala ndi yopindika, pamene mafoni ambiri amatumiza yowongoka. Kwa munthu mawuwo ndi amodzi, koma nkhokwe ikhoza kuwayesa osiyana.

6.0 Mavuto a ponyamula malembo

Kompyuta imasunga lembo lililonse ngati nambala. Dongosolo lakale lotchedwa ISO 8859-1 kapena Latin-1, lomwe lidakonzedwera ziyankhulo za kumadzulo kwa Ulaya, lilibe ŵ. Muyeso wa Unicode, womwe udatuluka mu 1991, uli nalo lemboli pa nambala U+0175, ndipo lalikulu lake lili pa U+0174. Chiyankhulo cha Welsh chimaligwiritsanso ntchito. Njira yotumizira malembo a Unicode imene yafala pa intaneti ndi UTF-8, imene adaikonza Ken Thompson ndi Rob Pike mu 1992.

Mu UTF-8 lembo la ŵ limanyamulidwa ndi manambala awiri, C5 ndi B5. Tsamba likawerenga manambalawa motsata Latin-1 limaona malembo awiri osiyana, ndipo Malaŵi amaoneka ngati MalaÅµi. Cholakwika chimenechi chingakonzeke, popeza manambala ake akadalipo. Chosakonzeka ndi pamene mawu asungidwa m'tebulo la Latin-1: ŵ amasanduka mfunsiro, Mala?i, ndipo lembo lenileni limatayika mpaka munthu atalilembanso ndi manja. MySQL inkagwiritsa ntchito latin1 ngati dongosolo loyambira mpaka mtundu wa 8.0 wa mu 2018, choncho nkhokwe zimene zidamangidwa chakacho chisanafike ziyenera kuunikidwa. UTF-8 iyenera kutchulidwa m'malo atatu: pa tebulo, pa kulumikizana kwa pulogalamu ndi nkhokwe, ndi pamutu pa tsamba. Pakasowa malo amodzi, awiri enawo sathandiza.

Lembo la ŵ lingalembedwenso m'njira ziwiri: ngati lembo limodzi, kapena ngati w wotsatiridwa ndi kachizindikiro ka pamwamba, U+0302. Zonse zimaoneka chimodzimodzi. Unicode ili ndi njira yotchedwa NFC imene imasandutsa maonekedwe achiwiriwa kukhala oyamba, ndipo mawu onse ayenera kudutsa m'njirayi asanasungidwe.

Pomaliza pulogalamu iyenera kuyeretsa mawu isanawaike mu HTML, kuti nkhodolero ndi mitengero ya m'zitsanzo zisadule tsamba pakati. Iyeneranso kulengeza chiyankhulo cha tsambalo. Chizindikiro cha Chichewa pa muyeso wa ISO 639 ndi ny kapena nya, ndipo powonjezerapo chizindikiro cha dziko pamapezeka ny-MW, ny-ZM, ny-MZ ndi ny-ZW. Zizindikirozi zimathandiza mapulogalamu ofufuzira ndi owerengera anthu osaona kudziwa chiyankhulo chimene akumana nacho.

7.0 Mavuto a pondandalika

Lamulo la ORDER BY limandandalika mizere motsata dongosolo limene nkhokwe idapatsidwa. Dongosololo likakhala longotsata manambala a malembo, malembo aakulu onse amabwera patsogolo pa ang'onoang'ono, ŵ amabwera pambuyo pa z, ndipo aneni onse olembedwa ndi kamzere kutsogolo kwa tsinde, monga -lemba ndi -yenda, amaunjikana pamwamba pa mndandanda. Dongosolo lina limayesa ŵ ndi w kukhala lembo limodzi. Izi n'zabwino pofufuza, koma tebulo limene lidauzidwa kukana mawu obwerezedwa lidzakana kudziŵa ngati kudziwa adalowa kale.

Mafunso a dongosolo la alifabeti ndi a akatswiri a chiyankhulo. Kodi mawu oyamba ndi ng' akhale pakati pa oyamba ndi ng, kapena pambuyo pake? Kodi m'bale atsogole mbale? Kodi mneni aikidwe pa tsinde lake kapena pa ku? Wophunzira amene adazolowera kupeza tchire pa T adzamufuna pa C akatsegula mndandanda wa ku Zambia. Mayankho ake ayenera kulembedwa ndi kuperekedwa kwa wolemba pulogalamu pamodzi ndi mndandanda wa mawu.

8.0 Kamangidwe koyenera ka nkhokwe

Mavuto ambiri amene afotokozedwawa amachokera pa kusunga mawu ndi kalembedwe kake m'danga limodzi. Njira yabwino n'kuzilekanitsa m'matebulo awiri. Tebulo loyamba lisunge mawu enieniwo: nambala yake, mtundu wake, gulu la dzina ndi tanthauzo. Tebulo lachiwiri lisunge maonekedwe onse a mawuwo, mzere uliwonse ukhale ndi nambala yolozera ku tebulo loyamba, chizindikiro cha dziko, ndi chosonyeza ngati kalembedweko n'kovomerezeka, n'kakale kapena n'kongopezeka mwa anthu. Potero ntchito ndi nchito amaloza ku nambala imodzi, pamene kucha amakhala m'mizere iwiri yolozera ku manambala awiri osiyana. Unduna ukasintha lamulo la kalembedwe, pamangowonjezedwa mzere ndi kusintha chosonyezacho, ndipo matanthauzo sakhudzidwa.

M'tebulo lachiwiri mukhalenso danga la kiyi yofufuzira, imene wowerenga saiona. Kiyiyi imapangidwa posandutsa malembo onse kukhala ang'onoang'ono, ŵ kukhala w, r kukhala l, ndi nkhodolero zonse kukhala imodzi. Mawu amene wowerenga walemba amasinthidwa mofananamo asanafananitsidwe. Pulogalamu iyambe yafufuza kalembedwe kenikeni. Ikapanda kupeza, ifufuze pa kiyi. Ikapandanso kupeza, iyese zizolowezi za ziyankhulo zoyandikana nazo, monga kusintha n' wotsatiridwa ndi lembo la liwu kukhala ng', kapena kuyesa ph, th ndi kh pamalo pa p, t ndi k. Lamulo la n' lisakhudze mawu monga n'chifukwa ndi n'zoona, m'mene n' akuimira ndi.

Tsamba lionetse kalembedwe ka dziko limene wowerenga wasankha, ndipo pansi pake pakhale maonekedwe a m'maiko ena, aliwonse ndi dzina la dziko lake. Wowerenga amene walemba pan'ono apeze pang'ono, ndipo aone yekha kusiyana kwake popanda kuuzidwa kuti walakwa. Popeza ambiri amatsegula masamba pa foni ndipo amalipira intaneti, zotsatira zizibwera zochepa pa nthawi imodzi pogwiritsa ntchito lamulo la LIMIT.

Mzinda wa Harare uli ndi luso pa ntchito yotereyi. Ntchito ya ALLEX idayamba mu 1992 pa University of Zimbabwe motsogozedwa ndi Herbert Chimhundu, mogwirizana ndi mayunivesite a Oslo ndi Gothenburg. Idasonkhanitsa zolembedwa ndi zoyankhulidwa m'makompyuta, ndipo idabala Duramazwi reChiShona mu 1996, Duramazwi Guru reChiShona ndi Isichazamazwi SesiNdebele mu 2001. Bungwe la African Languages Research Institute lidakhazikitsidwa pa yunivesiteyo mu 2000 kuti lipitirize ntchitoyi. Ku Malawi nako Centre for Language Studies idakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Maziko ogwirira ntchito limodzi alipo kale mbali zonse ziwiri.

9.0 Mayina a anthu ndi malo

Kaundula wa ophunzira ndi wa mayeso amadutsa m'njira yomweyi, koma lamulo lake n'losiyana. Dzina la munthu silisinthidwa kuti ligwirizane ndi kalembedwe ka dziko lililonse. Liyenera kusungidwa ndi kuonetsedwa monga lilili pa chiphaso chake. Mfunda monga Phiri kapena Ng'oma ukhoza kukhala udalembedwa mosiyana pa zikalata za agogo, za bambo ndi za mwana, malinga ndi kalaliki amene adalemba. Kwa mabanja ochokera kunja nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa gawo 43 la malamulo a 2013 limapereka unzika kwa obadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke amene kholo lawo lidali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo umboni wake umadalira zikalata zimene mayina ake akugwirizana. Kiyi yofufuzira ithandize kalaliki kupeza mayina ofanana, koma isalembe dzina latsopano m'malo mwa lakale. Nkhokwe zoterezi zimakhudzidwanso ndi malamulo oteteza zinsinsi za anthu, amene Zimbabwe ndi Zambia zidakhazikitsa mu 2021 ndipo Malawi mu 2024.

10.0 Zoyenera kuchita

10.1 Maunduna anayi agwirizane pa mndandanda wa malembo olingana, dongosolo lowasinthira, ndi mawu opatulidwa, ndipo ausindikize ngati mbali ya malamulo a kalembedwe.

10.2 Pasankhidwe nkhodolero imodzi yosungira mawu m'nkhokwe, ndipo zinazo zizisandutsidwa kukhala imeneyo polowa.

10.3 Dongosolo la alifabeti, kuphatikizapo malo a ng', ŵ, m' ndi tsinde la mneni, lilembedwe momveka.

10.4 Osindikiza mabuku azipereka mindandanda ya mawu mu UTF-8, yodutsa mu NFC, ndi chizindikiro cha dziko pa mawu aliwonse.

10.5 Danga la ny-ZW likhalepo kuyambira pachiyambi, ndipo lidzazidwe ndi kalembedwe kamene Unduna wa Zamaphunziro wa ku Zimbabwe wavomereza pa mabuku ake.

10.6 Mgwirizano uliwonse ndi wolemba pulogalamu utchule funso lokonzeratu, UTF-8 m'malo onse atatu, ndi matebulo awiri olekanitsa mawu ndi kalembedwe.

10.7 Ntchito isalandiridwe mpaka tsamba litayankha molondola mawu oyesera awa: ntchito ndi nchito, kucha, kutcha ndi kuca, ng'oma, ngoma ndi n'oma, m'bale ndi mbale, Malaŵi ndi Malawi, bwerani ndi bwelani, vuto ndi bvuto, mawu ndi mau. Mayesowa achitike pa mafoni wamba, ndipo mwa oyesa mukhale aphunzitsi ndi ophunzira amene adaphunzira kulemba m'Chishona.

11.0 Mawu omaliza

Kugwirizana pa kalembedwe kamodzi kumatenga nthawi, chifukwa dziko lililonse lili ndi mabuku, mayeso ndi aphunzitsi ozolowera njira yake. Nkhokwe yomangidwa bwino siidikira kuti mgwirizanowo uthe. Imasunga maonekedwe onse, imadziwa dziko la aliwonse, ndipo tsiku limene maunduna adzasankhe kalembedwe kamodzi padzangofunika kusintha danga limodzi. Nkhokwe yomangidwa pa kalembedwe ka dziko limodzi idzafuna kuti mawu onse alembedwenso, ndipo ndalama zake zidzachokera m'thumba lomwelo logulira mabuku a ophunzira. N'chifukwa chake mfundo za m'ndime 10.1 mpaka 10.3 ziyenera kugamulidwa mgwirizano ndi wolemba pulogalamu aliyense usanasainidwe.